Kaundula wa Zamagetsi Zimene Pakhomo Pano Tikufuna Kugula

NDALAMA YOLOWA

K300,000, gawo la mayi a kunyumba atagawana ku banki mkhonde mu Disembala. Mitengo yonse yalembedwa ndi pensulo, chifukwa inki inasiya kugwira ntchito mu Novembala 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti. Chinthu chilichonse chalembedwa ndi mitengo itatu: wa m'sitolo, wa zimene chimadya pamwezi, ndi wa alendo amene chimaitana.

1. FONI YAMAKONO

Wopempha: mwana wachisamba. Ati ndi ya sukulu.

M'sitolo: K185,000, ya itel, ku Limbe. Tecno yakwererapo, Infinix yakwereratu. Zitatu zonsezi ndi za kampani imodzi ya ku Shenzhen yotchedwa Transsion, choncho kaya tisankhe iti, ndalama yathu ikagona m'thumba lomwelo.

Zovala zake: galasi loteteza K4,000, kava K6,000. Mwini foniyo nsapato alibe.

Zodya: magetsi si nkhani, yuniti imodzi imatchaja foni kopitirira 40. Nkhani ndi bandulo: K12,000 pamwezi, K144,000 pachaka.

Alendo: foni imabwera ndi WhatsApp, WhatsApp imabwera ndi magulu. La mpingo, la banja, la akumudzi, la ukwati wa msuweni. Gulu lililonse lili ndi msungichuma wake, ndipo onse amadziwa nambala ya Mpamba pamtima.

Chigamulo: idikire. Mwanayo alembe kaye mayeso ndi buku.

2. TV

Wopempha: bambo a kunyumba. Ati ndi ya nkhani.

M'sitolo: K290,000, ya mainchesi 32. Tikagula titsala ndi K10,000, dikoda isanagulidwe, mwezi usanalipiridwe.

Zodya: magetsi pang'ono, dikoda mwezi ndi mwezi.

Alendo: ana a mzere wonse, kuyambira poweruka kusukulu mpaka amayi awo atawaitana kawiri. Tsiku la Maule ndi Manoma, abambo awonso. Mlendo akakhala mpaka nthawi ya nsima simumuuza kuti azingoyang'ana kanema. Taikapo ufa ndowa imodzi pamwezi, shuga paketi ziwiri, ndi mpando umodzi wothyoka pachaka.

Magetsi akazima penate ili pafupi kumenyedwa: mtengo wake sulembeka mu kwacha.

Chigamulo: nkhani zimveredwe pa wailesi.

3. KETULO YA MAGETSI

Wopempha: aliyense amene amakoleza mbaula mbandakucha.

M'sitolo: K28,000. Yotchipa kuposa zonse, ndipo apa ndi pomwe pali msampha.

Zodya: pansi pake palembedwa 2,000 W. Ndiye kuti yuniti imodzi imatha pa theka la ola. Yuniti yomweyo, babu ya LED ya 9 W imaunikira nayo maola opitirira 100.

Alendo: mita ndi imodzi, nyumba ndi zitatu. Mayunitsi akayamba kuthamanga, alandilodi aitanitsa msonkhano pabwalo. Aneba anena kuti satchula dzina la munthu, maso ali pakhomo pathu.

Chigamulo: mbaula ipitirize ntchito. Makala nawo akwera, koma mbaula siinaitanitsepo msonkhano.

4. FILIJI

Wopempha: mayi a kunyumba. Ati azigulitsa thobwa lozizira ndipo filijiyo idzilipira yokha.

M'sitolo: K650,000. Ndalama yathu yalekezera pakati pa chitseko.

Zodya: pafupifupi yuniti imodzi patsiku, usiku ndi usana, Lamulungu lomwe.

Chokumbukira: mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga Kapichira, dziko linataya mphamvu ya magetsi pafupifupi 130 MW, ndipo filiji ya aneba inakhala miyezi ikugwira ntchito ya kabati. Mtsinje wa Shire ndi umodzi, ndipo Nkula, Tedzani ndi Kapichira onse amamwa momwemo.

Alendo: "Mundisungireko kankhuku aka mpaka mawa." Kankhuku kakaonongeka, wolipira ndi mwini filiji.

Chigamulo: yalembedwa kuti mtima wa mayi ukhale m'malo.

5. POWER BANK

Wopempha: alamu, amene sakhala pakhomo pano.

M'sitolo: K35,000, ya 10,000 mAh. Wogulitsa wati ndi orijino. Ya pambali pake, yolembedwa 50,000 mAh, ndi K9,000, ndipo nayonso wati ndi orijino. Titainyamula, tinamva kulemera kwa bokosi lokha.

Zodya: nambala ya pabokosi simafika yonse m'foni. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limatayika m'njira, lina ngati kutentha. Foni ya batire ya 5,000 mAh imadzaza kamodzi ndi kachidutswa.

Alendo: alamu omwewo.

Chigamulo: foni yofuna zimenezi pakhomo pano palibe. Yathu ya mabatani imatha masiku osalira.

6. NYALE YA SOLA, YOKHALA NDI WAILESI NDI POTCHAJIRA FONI

Wopempha: palibe. Inangoonedwa pashelefu ya pansi.

M'sitolo: K62,000.

Zodya: dzuwa. Mpaka pano silinakwere mtengo. Batire idzatopa pakapita zaka, tidzalilira nthawi yomweyo.

Zopulumutsa: makandulo, machesi, mabatire a wailesi, K7,000 pamwezi. Ana awerenga magetsi atazima, bambo amva Zodiak ndi MBC.

Alendo: odzatchajitsa foni. Papepala, K200 foni imodzi. Achibale ndi aneba salipira. Tafufuza, ndipo tapeza kuti aliyense wodziwa pakhomo pano ndi m'bale kapena neba.

Chigamulo: igulidwe.

ZOTULUKA PA NTHAWI YOGANIZA

Minibasi ndi kabaza, kukafunsa mitengo: K9,000
Tchipisi ndi chakumwa cha wofunsa mitengo: K5,500
Kutapa ndalama kwa ejenti, pang'onopang'ono: K4,500
Chipepeso, maliro a kuseri kwa msika: K15,000
Fizi ya teremu yachiwiri: K90,000
Kuthandizira feteleza wa apongozi kumudzi: K60,000
Alamu abwereka mpaka Lachisanu: K20,000. Sananene Lachisanu liti.
Sopo, mchere, mafuta ophikira: K21,000

Zonse pamodzi: K225,000
Zotsala: K75,000

Dziwani kuti fizi, feteleza ndi Januwale sizinaitanidwe ku zokambirana za m'mwambamu, koma zinafika msanga kuposa aliyense.

ZOGULIDWA

Nyale ya sola: K68,000. Inakwera ndi K6,000 tili mkati moganiza. Wogulitsa wati, "Ndi dola, bwana." Nyaleyo sinachoke pashelefu pomwe tinaisiya, fumbi lake ndi lomwelija.
Tchaja ya foni ya mabatani, popeza yakale imafuna kutsamiritsidwa ndi mwala: K4,500

Zonse pamodzi: K72,500
Zotsala: K2,500

MALO A KATUNDU LERO

Nyale: kwa aneba, mwana wawo ali ndi mayeso. Ati abweza mawa.
Tchaja: kwa alamu.
Foni yamakono, TV, ketulo: zasamutsidwira ku tsamba la Disembala wamawa.

K2,500 yotsalayo mayi aiika m'chitini ndipo alembapo FILIJI. Tikamasunga chonchi chaka ndi chaka, filiji ifika pakatha zaka 260, mtengo ukapanda kusintha.