Nkhwazi wa ku Thumbi ndi Mluzu

Padangokhala. Osati kalekale ayi, koma chitadutsa chaka cha 1980, pamene boma lidalamula kuti zilumba za ku Cape Maclear ndi madzi ozizungulira zikhale paki. Lamulo lidati pamamita 100 kuchokera kugombe la paki pasaponyedwe ukonde kapena mbedza, kuti mbuna, tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala tija, tiziswana mwamtendere. Mu 1984 a UNESCO adalemba malowo m'kaundula wa chuma cha dziko lonse, ndipo alendo adayamba kukhamukirako.

Pachilumba cha Thumbi padali Nkhwazi, mlenje woopsa. Ankaona chambo ali kunsonga kwa mtengo, n'kutsika ngati mphenzi.

Tsiku lina anyamata a ku Chembe adafika ndi alendo, ena m'boti, ena akupalasa timabwato tapulasitiki, makamera ali m'khosi. Mnyamata wina adaimba mluzu, naponya nsomba yakufa pamadzi. Nkhwazi adaiwakha, alendo m'manja phuphuphu. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Mkuluyo adanenepa, ndipo atamva kuti chithunzi chake chili pamwamba penipeni pa chizindikiro cha boma la Malawi, adadzilonga yekha ufumu wolondera malamulo a paki. Palibe adamusankha, koma ndani angatsutse mwini mapiko?

M'mawa wina adapeza Katumbu akutafuna mutu wa kampango pamwala.

"Iwe Katumbu! Wayeza mamita 100?"

"Pepani bwana, lamulo lidandipeza ndikudya pompano. Ngakhale malo aja azungu amati Otter Point, dzinalo n'la agogo anga."

"Akuba ngati iwe ndinu mukumaliza nyanja. Taona ine, ndidasiya kupha. Ndimadya zoyera, zopatsidwa ndi manja awiri."

Katumbu adangomira osayankha.

Kenaka chidafika chaka cha 2020. Mliri wa korona udaimitsa ndege, m'malo ogona alendo mudangoti zii, timabwato tija tidavundikiridwa pamchenga. Nkhwazi adakhala panthambi kutchera khutu. Mwera udawomba, iye n'kumayesa mluzu. Usiku ankaona nyali za asodzi a usipa zili ngwee kutali pakati pa nyanja, m'mimba mukulira. Tsiku lachisanu adati ayese ntchito yake yakale. Adaona utaka, natsika, koma zikhadabo zidazolowera nsomba yosathawa. Phava! Thupi lonse m'madzi. Adafika kumtunda chopalasa ndi mapiko, anyani akugubuduzika ndi phwete.

Madzulo adatera pamwala wa Katumbu, nthenga zili nyankhalala.

"Odi, achimwene. Mwaswera bwanji ndi ana?"

"Ndakhala achimwene lero? Fikani, bwana." Katumbu adamkankhira mutu wa kampango. "Koma ndinene poyera, ameneyu ndamugwira mamita awiri kuchokera pamwala uno."

"Aa, nyanja n'njaikulu, achimwene. Ndani angayeze madzi?" adatero Nkhwazi, pakamwa pali tho.

Adadya pamwala umenewo miyezi yambiri. Ankalumbira tsiku ndi tsiku kuti ubale wawo ndi wa magazi, ndipo kuti akadzapita ku Lilongwe akanena kuti Katumbu nayenso amuike pachizindikiro paja.

Mliri utachepa, masana ena kudamveka mluzu kuseri kwa chilumba. Nkhwazi adasiya mutu wa nsomba uli pakati, osatsanzika n'komwe.

M'mawa mwake, mawu aja kumtengo:

"Iwe Katumbu! Mamita 100!"

Katumbu adapukuta ndevu zake pang'onopang'ono. "Ndamva, bwana. Koma ine ndimayenda usiku. Dzana, mwezi utalowa, ndidaona ukonde ukukokedwa mphepete mwa miyala ya ku Domwe, ndipo dengu lake lidakwera boti lomwe lija la alendo. Nanga imene mwadya dzuloyo idagwidwa pamamita angati?"

Nkhwazi adayang'ana kumwamba, nakonza nthenga za pachifuwa.

"Zimenezo ukafunse eni ukonde. Ine ndidaipeza ikuuluka."

Mluzu udalira. Mkuluyo adatambasula mapiko, nazungulira kawiri kuti a makamera akonzeke, kenaka adatsika atatembenuzira kwa alendo mbali yake yooneka bwino.