Kiyibodi Yakufa Pamwamba pa Wadirobu

Ife osunga zinthu zakufa tili ndi mawu amodzi odzitetezera: "Tidzaifuna tsiku lina." Ineyo ndine membala wokhulupirika wa gululi, choncho ndikhoza kuulula kuti tsikulo silifika. Limene limafika ndi losamuka nyumba, pamene kiyibodi imatsitsidwa pamwamba pa wadirobu, n'kuponyedwa kudzala pamodzi ndi masamba a mango, wina n'kukhwatcha machesi. Zaka zonse zosungazo timangokhala tikuchedwetsa utsi.

Utsiwotu si wamasewera. Mukaimasula kiyibodi, kuwonjezera pa nyenyeswa za mandasi, mupezamo mabatani apulasitiki oposa 100, mphira, timapepala tapulasitiki tokhala ndi tinjira ta siliva, kabolodi kakang'ono ka magetsi ndi chingwe cha mkuwa. Chingwecho nthawi zambiri chimakutidwa ndi PVC, imene ikapsa imatulutsa poizoni wotchedwa dioxin. Zambiri zopangidwa chisanafike chaka cha 2006, pamene mayiko a European Union analetsa mtovu m'zipangizo zotere, zinawotcheredwa ndi mtovu. Phulusa lake ndi lomwe akatswirife timakathira m'dimba la mpiru.

Wina anena kuti kiyibodi imodzi n'chiyani. Lipoti la United Nations linapeza kuti mu 2022 dziko lapansi linatulutsa matani 62 miliyoni a zinyalala zamagetsi, ndipo zosonkhanitsidwa n'kukonzedwanso mwadongosolo sizinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Mulu wonsewo unaunjikidwa ndi anthu onena kuti yawo ndi imodzi yokha. Winanso amaopa kuti akaipereka, zinsinsi zake ziululika. Khazikani mtima pansi, achimwene: kiyibodi wamba sisunga zomwe munalemba, ndipo makalata ofunsira ntchito aja, amene mabwana sanayankhe, nayonso inawaiwala kalekale.

Njira yabwino ndi kuipititsa kwa wokonza makompyuta. Zambiri zimene timazilira maliro zimangokhala ndi chingwe choduka kapena fumbi pansi pa mabatani, ndipo zikachira zingathandize mwana wophunzira kutayipa. Ikakhala kuti inatsirizikadi, wokonzayo achotsamo mabatani ndi chingwe n'kuchiritsira zina. Mwina mukuti zotsalazo nayenso aziwotcha kuseri kwa shopu. Zimenezo n'zotheka, ndiye mufunseni kumene amazipititsa musanamusiyire, ngakhale akuyang'aneni ngati mwabwera kudzatolera msonkho.