Ulendo wachinsinsi umene Chilomoni yonse inkaudziwa

Ku Chilomoni kuli bambo ena ake amene dzina lawo sititchula, ngakhale owerenga danga lino nkhope yawo amaiona pa kachithunzi kali pamwambapa sabata iliyonse. Bambowa ali ndi ana atatu, mkazi mmodzi, ngongole imodzi yonenepa bwino, ndi foni imene inawalowetsa m'zonsezi.

Usiku wina mu 2022, magetsi atazima, anagona chagada akutokosa foniyo mpaka anakumana ndi kavidiyo ka ku America. Makolo apatsa ana awo bokosi. Ana atsegula. Mkatimo muli zipewa za makutu a Mickey Mouse ndi kapepala kowauza kuti mawa akwera ndege kupita ku Walt Disney World, ku Florida. Ana aja kukuwa, kudumpha, wina kudzigwetsa pansi n'kumalira ndi chimwemwe, kenako onse kukakamira m'khosi mwa bambo wawo. Akuluwa anakaonera kasanu, bandulo mpaka psiti. Chimene chinawagwira mtima si Mickey Mouse ayi, pajatu kwathu kuno mbewa timadziwa chochita nazo. Unali mkuwo uja. Chibadwire, ana awo anali asanawakuwirepo chotero, kupatula tsiku limene anazimitsa TV mpira wa Bullets ndi Wanderers uli mkati.

Florida anaifufuta kusanache, atangoona mtengo wa tikiti ya ndege. Amene anawapatsa nzeru ina ndi alamu awo a ku Turffontein, ku Joni. "Alamu, mukufuniranji kwa Azungu kutaliko? Kuno kuli Gold Reef City, ine ndikakwera padenga ndimaiona."

Gold Reef City ndi malo a masewera amene ali kumwera kwa mzinda wa Johannesburg, moyandikana ndi Apartheid Museum. Anawamanga pa mgodi weniweni wa golide, Shaft 14 ya kampani ya Crown Mines, umene unatsekedwa m'zaka za m'ma 1970. Timisewu ndi tinyumba take anatimanga motengera mmene mzindawo unkaonekera golide atangopezeka mu 1886 pa famu ya Langlaagte. Pakati pa zakalezo anaimikapo zitsulo zopinda ngati njoka, zoti munthu alipire ndalama n'kuzunguzidwa. Bambo athu, amene katungwe wamkulu pa moyo wawo anali tayala lomangirira ku mtengo wa mango, anati basi, n'komweko. Ndipo ana asadziwe mpaka usiku woti mawa lake n'kunyamuka.

Vuto loyamba linali mapasipoti. Mwana sungam'pezere pasipoti iye ali kusukulu. Ayenera kukaonekera yekha, am'jambule. Akuluwa anauza banja lonse kuti boma lalamula nzika iliyonse ikhale ndi pasipoti, "basi, yongosunga". Wachisamba, mtsikana wa Fomu 1 amene amamvera nkhani pa wailesi kuposa bambo ake, anangoti, "Chabwino adadi." Mayi a kunyumba anawayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, n'kupitiriza kusadzula masamba a nkhwani.

Vuto lachiwiri linali kwacha. Ndalama ya ulendo ankaisonkha kudzera m'chipereganyu cha kuntchito, n'kumaibisa m'thumba la jekete la ukwati, limene linasiya kuwakwana kalekale. Anayamba kusunga kwacha itangogwa kumene ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiye anadzilimbitsa mtima kuti mphenzi yagwa kale, sibweranso. Mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti. Ndalama imene inagona ili ulendo wa anthu asanu inadzuka ili ulendo wa anthu atatu, wachitatuyo wopanda mwendo umodzi. Bambowa anakhala pa bedi ndi kakyuleta theka la usiku akuganiza woti atsale. Nthawi zonse yankho linkatuluka lakuti iwo omwe.

Apa panalibe kuchitira mwina koma kuulula.

"Mayi, pali nkhani."

"Ya ku Joni ija? Ndimadikira kuti munena liti. Jekete lanu lija ndimalipukuta nkhungu ndine."

Mayi anati ndalama yotsalayo akakongola ku banki m'khonde. Amene sanakhalepo pa mphasa ya banki m'khonde mwina sadziwa kuti kumeneko ngongole simangoperekedwa. Wokongola amafotokoza chimene akufuna kukachita nayo, pamaso pa amayi makumi awiri, aliyense ali ndi mwamuna, ana, mpingo ndi foni. Mayi akuti anawapempha onse kuti asunge pakamwa. Ndipo anasungadi: aliyense anangouza munthu mmodzi.

Zipatso zake sizinachedwe. Loweruka lina m'mawa, banja lonse likumwa tiyi pabalaza, kunamveka odi. Mayi oyandikana nawo nyumba analowa atasenza chithumba. "Tamva kuti Lachisanu mukupita ku Joni. Kaphukusi aka n'ka mwana wanga wa ku Mayfair." Kaphukusiko kanali usipa wodzaza ndowa. Bambowa anawatsinzinira diso mpaka chikope kuwawa, kwinaku akuloza ana ndi mlomo. Atacheuka anapeza ana onse atatu akuyang'ana kudenga, ngati kuti malata awaona koyamba. Mtima unakhala pansi: sanamve.

Pofika Lachitatu, kuseri kwa chitseko kunali mpunga wa Kilombero, ufa woyera, nandolo, mabotolo a Sobo ndi mtolo wa mankhwala achikuda umene mwini wake anakana kufotokoza ntchito yake. Wometa pa msika anawafunsa ngati angam'gulireko makina. Lamulungu lapitalo, mkulu wa mpingo anali atapempherera "banja lina pakati pathu limene likuyenda ulendo wautali mwachinsinsi", mpingo wonse n'kucheukira benchi yachitatu.

Komabe usiku waukulu unafika. Lachinayi, nsima itadyedwa, bambowa anatsamiritsa foni ku chitini cha shuga pa kabati, kamera ikuyang'ana pa mpando. Anatulutsa katoni ya sopo yokulungidwa ndi nyuzipepala. Mkatimo munali mapasipoti asanu, matikiti a basi, ndi chithunzi cha Anaconda, chimodzi mwa zitsulo zopinda za ku Gold Reef City zija, chimene anakasindikiza mobisa kuntchito. Anayankhulapo mawu pang'ono za kulimbikira sukulu ndi kumvera makolo. Ana anatsegula.

Zii.

Kenako mzime, wa zaka zisanu, anatembenukira kwa mayi ake n'kufunsa monong'ona, kunong'ona kwa mwana kumene kumamveka mpaka kumsewu: "Amayi, tikuwe pano, kapena tidikire amalize kuyankhula?"

Anakuwadi. Onse pamodzi, bwinobwino, ngati kwaya ya Sande sukulu. Wapakati anadzigwetsanso pansi, pomwe panali patayalidwa kale khushoni. Zinadziwika pambuyo pake kuti mayi anakhala akuwaphunzitsa kuseri kwa nyumba kwa masabata awiri, "kuti abambo anu asakhumudwe", ndipo wachisamba chikwama chake anali atalongedza mwezi wathunthu wapitawo.

Basi anakakwerera pa Wenela. Ambiri a ife timangoti "pa Wenela" ngati dzina la mudzi, koma ndi chidule cha Witwatersrand Native Labour Association, bungwe limene linkalemba amuna oti akakumbe golide ku South Africa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya kumeneko. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, ndipo Kamuzu Banda anaimitsa kulemba anthu. Agogo a bambo athuwa anali mmodzi mwa amene anapita n'kubwerako amoyo, ndi sutikesi yachitsulo, njinga, chipewa, mawu angapo a Chifanakalo otukwanira mbuzi, ndi chifuwa chimene sichinawasiye mpaka kumanda. Mbiri imeneyi akuluwa anaifotokozera ana, ndi basi yonse, mokweza. "M'magazi mwathu mulibe mantha. Ife ndife a pansi pa nthaka." Mayi anangoti, "Ehe."

Mzime anafunsa koyamba ngati afika ali pa Lunzu. Anafunsanso pa Zalewa, pa chipata cha Mwanza, pa Zóbuè, ndi powoloka Zambezi ku Tete, kumene kutentha kunayamba kudzutsa usipa uja m'chithumba. Kutsogolo kunali kudakali Nyamapanda, Harare, Masvingo ndi mzere wa pa Beitbridge, ulendo wonse kuchokera pa Wenela uli makilomita pafupifupi 1,700. Chimene chinawawa bambowa n'chakuti mu Disembala anthu anzeru amayenda cholowera kwina. Basi iliyonse imene ankapishana nayo inali yochokera ku Joni, ngolo yake itasenza matiresi, mafiriji ndi njinga, anthu akupita kukadya Khirisimasi kumudzi ndi marandi m'thumba. Iwo okha ndi amene ankapititsa ndalama ku Joni.

Za pa geti la Gold Reef City tingodumpha. Tingonena kuti munthu amene mtengo uliwonse wa marandi amausandutsa makwacha pa kakyuleta sasangalala, ndipo ayisikilimu akamunyambita amamva kukoma kwa chiwongoladzanja.

Misozi yeniyeni yoyamba ya ulendowu inagwa pa ndodo yoyezera msinkhu. Zokwera zikuluzikulu zili ndi muyezo, ndipo mzime, ngakhale ananyang'ama ndi zala za kumapazi, sanafikepo. Analira mogwetsa nyumba mpaka anam'kweza pa timahatchi tozungulira. Akulu ake awiri aja anathamangira ku Anaconda, chinjoka chachitsulo chimene mipando yake imalendewera kunsi kwa njanji, miyendo ili lendelende m'malere. Chimathamanga mpaka makilomita 90 pa ola ndipo chimakuzondotsa kasanu. Bambowa anachiyang'ana chikudutsa pamwamba pa mutu wawo, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti pafunika munthu wamkulu wosunga zikwama.

Ana anatsika akuseka, maso ali gwa. "Adadi akuopa," anatero wachisamba.

"Iwe, usanyoze abambo ako," anatero mayi, mawu ali ozizira bwino. "Anaconda ndi ya ana. Iwowa ndi a pansi pa nthaka. Yawo ndi iyo."

Chala chawo chinaloza Tower of Terror.

Walira mvula walira matope. Tower of Terror ndi nsanja ya pa mgodi. Amakukhazika m'kangolo konga kotutira miyala, chitsulo chikutsekera pamapewa, chikepe n'kukukweza pamwamba. Kangoloko kamasendera pang'onopang'ono kumphepete, mwaulemu, kukupatsa mpata woona Johannesburg yense ndi kulapa machimo. Kenako kamaweramira kutsogolo n'kugwa chamutu mamita pafupifupi 50, kulowa m'dzenje la pansi pa nthaka. Pokhota pansipo thupi limalemera kuposa kasanu ndi kamodzi kulemera kwake. Bambowa ndi a makilogalamu 80. Kwa kamphindi anasanduka matumba khumi a chimanga.

Ali pamwamba paja, manja atauma pa chitsulo, anakumbukira agogo. Shaft 14 yomweyi inkatsika mamita oposa 3,000, ndipo amuna ngati agogo ankalowa m'maenje otero m'bandakucha uliwonse, atapanikizana m'chikepe, ndipo kumapeto kwa mwezi ankalandira malipiro, ochepa koma malipiro ndithu. Mdzukulu wawo, wa tayi ndi satifiketi, anali atakongola ndalama kwa amayi makumi awiri kuti alipire anthu oti am'ponye m'dzenje. Ganizoli sanalimalize. Kangolo kanawerama.

Zimene zinatuluka pakamwa pawo iwo sakuzikumbukira, koma foni ikukumbukira, chifukwa mayi anali pansi akujambula. Pakati pa mikuwo ya Chizulu, Chisotho ndi Chingerezi pakumveka liwu limodzi lamphamvu, la munthu wa ana atatu: "Mayo ineee! Ndafa ine! Nditsitseni, ndili ndi ngongole!"

Zonsezo sizinathe ndi mphindi imodzi yomwe. Anatuluka miyendo ikukana kumvana, malaya atamatirira kumsana. Ana atatu onse anawathamangira akukuwa, akudumpha, wapakati n'kugwa pansi ndi phwete, popanda khushoni. Mzime anawakakamira m'khosi, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka. Unali mkuwo uja ndithu, wa mu kavidiyo ka ku America, wosaphunzitsidwa kuseri kwa nyumba.

Asanapezenso mpweya, bambo wina wachilendo wovala chipewa anawagwira paphewa. "Pepanitu achimwene. Ine ndi wa ku Mangochi, ndili kuno zaka zisanu ndi zitatu. Ndinali uko ku chipisi, ndiye ndamva kulira kwa kwathu."

Banja lija linabwerako chaka chisanathe. Atafunsidwa ndi aphunzitsi a Sande sukulu chimene chinam'sangalatsa kwambiri ku Joni, mzime anati masitepe oyenda okha a mu shopu ina, amene kukwera kwake n'kwaulere. Kavidiyo kamene mayi anajambula kaja kanafika ku banki m'khonde banja lisanawoloke n'komwe Limpopo, ndipo akuti amayi anagwirizana kuti munthu wokumbukira ngongole ali m'malere ndi wodalirika, angathe kukongolanso. Wachisamba anadula mawu aja n'kuwaika mu foni ya mayi ake kuti izilira choncho. Lamulungu lapitali mayi anaiwala kuizimitsa, ndipo alamu a ku Turffontein anaimba nthawi ya chopereka.