Machesi a Lamlungu kwa Kapichi

Thalauza loyera pa dothi lofiira la ku Thyolo limafuna munthu wolimba mtima, ndipo kwa Kapichi anthu otere alipo. Dikirani Lamlungu lotsatira malipiro a ku esiteti. Mnyamata amene sabata yonse anali ndi dengu kumsana akuthyola tiyi amatulukira atavala jekete yofiira, nsapato zosongoka ndi magalasi akuda, chikhalirecho chiperoni chaphimba phiri ndipo dzuwa silinaoneke chiyambire Lachinayi. Sayenda wamba, amachita kusankha poponda. Njinga yamoto ya kabaza ikamveka, amadumphira m'tiyi kuthawa matope.

“Achimwene, mwatchenatu! Ulendo wa kuti?”

“Pompano apa, ndikagule machesi.”

Machesiwo ali pa okala yoyandikana ndi kwawo, koma njira yake imadzera kuchigayo, kubwalo la mpira ndi pakhomo pa tchalitchi nthawi yoweruka.

Mpikisano umakula akafika wochokera ku Joni. Ameneyo ali ndi tcheni pakhosi, mafoni awiri, ina yake yosayaka, ndi kiyi wa galimoto amene amamuzunguza pachala. Galimotoyo ili kuti? Ikubwera, yangotsalira pa Mwanza. Chaka chatha inalinso pa Mwanza pomwepo.

Agogo amene anaona lamulo la kavalidwe la 1973, lija linkaletsa amayi thalauza ndi siketi yaifupi mpaka 1993, amangogwira pakamwa: “Kale boma linkatiyeza siketi. Awa akuwayeza ndani?”

Owayeza alipo, agogo. Kushaina kumakoma kwa anthu osakudziwa, ku Limbe kapena ku Blantyre. Kuno aliyense amadziwa makilo amene mnzake anathyola, tsiku limene analandira ndi belo limene jekete inachokera. Ndiye oyamikira kwambiri ndi amene muyenera kuwaopa. Pamsika, mayi wogulitsa kaunjika amaimirira, kuwomba m'manja, mpaka nthungululu:

“Bwana, yakukhalanitu! Ndinanena ine kuti jekete imeneyi ndi yanu. Tatembenukani anthu aione kumbuyo.”

Bwana amatembenuka pang'onopang'ono, manja m'thumba.

“Eya. Nanga yotsala ija mubweretsa liti?”

Apa ndi pamene foni yosayaka imagwira ntchito, ndipo wa ku Joni amabwereketsa mosavuta, poti naye mayiwa akumusunga m'kabuku. Bwana amaiika kukhutu, nkhope ili gwa: “Halo? Eee, ndikubwera, ndili pa miting'i.”