Chibuluzi cha Arsenal Chinachotsedwapo Ntchito

Anzanga a Arsenal musakwiye, ndikungokumbutsa. Timu yanuyi ili ndi chidole chake, Gunnersaurus, chibuluzi chobiriwira chamimba yaikulu chomwe chimavala jezi yofiira n'kumapatsa osewera moni wa m'manja akamafika ku bwalo. Maonekedwe akewo anachokera pa mpikisano wa ana ojambula m'zaka za m'ma 1990, ndipo ukachiona sufunsanso.

Mu Okutobala 2020, Covid italetsa anthu kulowa m'mabwalo, akuluakulu a timu anaona kuti chidole chilibe wochiombera m'manja. Basi anachotsa ntchito bambo amene anakhala akutuluka thukuta m'kati mwakemo kwa zaka 27. Sabata yomweyo anagula Thomas Partey pa mtengo wa mapaundi 45 miliyoni. Ndalama zinalipo, kungoti za buluzi ayi.

Masapota analusa ngati achotsa goloboyi. Wosewera wa timuyi Mesut Özil, amene nthawi imeneyo ankalandira ndalama zankhaninkhani koma osaponda m'bwalo, analonjeza kuti malipiro a bamboyo azipereka yekha. Mwina anamva chisoni poona mnzake wosamenya mpira akuvutitsidwa. Pofika Novembala chibuluzicho chinaonekanso ku bwalo la timuyi la Emirates, pomwe Özil anachoka mu Januwale kupita ku Fenerbahçe.