Fodya Wapachala ndi Seva Yosagona

Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Masiku ano mwambiwu wapeza mwini wake watsopano: katswiri wa makompyuta amene safuna kubwereka seva kwa Amazon kapena Microsoft. Iyeyu amagula yakeyake n'kupita nayo ku data center, komwe amalipira lendi ya malo, magetsi ndi intaneti. Akaimanga ndi mabawuti mu raki, amaijambula chithunzi, n'kuuza aliyense kuti zake zili pamphuno. Theka lachiwiri la mwambi lija amaliiwala, koma ndi lomwe limabwera pa bilu.

Seva sigona. Tiyerekeze kuti yake imadya mawatsi 300. Chaka chili ndi maola 8,760, ndiye kuti pofika Disembala yameza mayunitsi 2,628. Pafupifupi magetsi onsewo amasanduka kutentha, ndipo timafani ta m'kati mwake timakuwuzira kunja usana ndi usiku. Mkuluyu ankati akusungira mphuno, osadziwa kuti mwezi ndi mwezi akudyetsa mphepo.

Mphepoyonso ili ndi mtengo wake, chifukwa nyumba ya data center iyenera kuziziritsidwa. Eni ntchitoyi ali ndi muyeso wotchedwa PUE, womwe unafalitsidwa ndi bungwe la The Green Grid. Amatenga magetsi onse olowa m'nyumbamo n'kugawa ndi amene afikadi pa makompyuta. Kafukufuku wa Uptime Institute wakhala akupeza kuti malo ambiri ali cha pa 1.5, kutanthauza kuti yunitsi iliyonse ya seva imaperekezedwa ndi theka lina lothera ku zoziziritsa ndi mabatire. Google imati ake ali pafupi ndi 1.1. Choncho musanasaine pangano, funsani nambalayi. Wogulitsa akayamba kukuuzani za kukongola kwa geti, dziwani kuti nambalayo ndi yochititsa manyazi.

Funsaninso komwe magetsiwo achokera. Seva yomweyo ikakhala ku Johannesburg imadya kwambiri magetsi a malasha. Ikakhala ku Malawi imamwa madzi a Shire kudzera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, mpaka tsiku lomwe jenereta ya dizilo idzayambe kutsokomola kuseri kwa nyumba. Ku Hamina m'dziko la Finland, Google imaziziritsa makina ndi madzi a m'nyanja yamchere, m'nyumba yomwe kale inali fakitale ya mapepala. Ku Odense m'dziko la Denmark, kutentha kochokera m'makina a Facebook kumakafunditsa nyumba za anthu. Kumeneko ngakhale fodya wamphepo amamutsatira mpaka kumugwira.

Kwinako ndi kwa mwini seva. Choyamba, aipatse ntchito yokwanira. Seva yongokhala imadyabe magetsi ochuluka, ndiye ndi bwino kuunjika ntchito khumi pa imodzi, pogwiritsa ntchito mapulogalamu ngati Proxmox, kusiyana ndi kuweta maseva khumi aulesi. Chachiwiri, atseke mipata yopanda kanthu mu raki ndi timapanelo totchipa, kuti mpweya wotentha wakumbuyo usabwerere kutsogolo. Chachitatu, asiye kufuna kuti chipinda chizizire mpaka mano kugwedezeka: bungwe la ASHRAE limati madigiri 18 mpaka 27 ndi okwanira. Chachinayi, asamathamangire yatsopano chaka chilichonse, pakuti kupanga seva kumawononga magetsi ndi miyala ya m'migodi isanayatsidwe n'komwe. Ngakhale Microsoft ndi Google, omwe ndalama si vuto, anatalikitsa moyo wa maseva awo pa mabuku a ndalama kuchoka pa zaka zinayi kufika zisanu ndi chimodzi. Koma yakalekale, yomwe imalira kwambiri n'kugwira ntchito pang'ono, ipume. Chikondi sichilipira bilu.

Fodya woseketsa kwambiri ndi wa seva yoiwalika. Mu 2015, Jonathan Koomey ndi Jon Taylor anapeza kuti pafupifupi maseva 30 pa 100 alionse omwe anawafufuza anali atatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kupitirira osagwira ntchito yothandiza aliyense. Nyale zikuthwanima, mafani akulira, bilu ikubwera, koma palibe akudziwa ntchito yake. Amene anaiika anasiya ntchito kalekale, ndipo otsalawo amaiopa kuikhudza. Mankhwala ake akatswiri amawadziwa bwino. Sungani kaye zonse zili m'katimo, kenako zulani waya wa netiweki, mukhale pansi mumwe tiyi. Wina akabwera akukuwa, mwapeza mwini wake, ndipo mumupatse bilu. Pakatha mwezi popanda wolira, izimitseni, mugulitse kwa wina amene ali ndi ntchito yoipatsa.