Fodya wa pachala ndi njinga za ku Milange

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Mwambiwu nduna za zachuma zinauloweza bwino, ndipo bajeti ya chaka chilichonse imachitira umboni. Mu 2006 maiko a m'bungwe la African Union anagwirizana kuti pa ndalama 100 zilizonse zimene dziko lapanga, imodzi izipita ku kafukufuku. Mozambique, pa mametikali 100, amaponyako masentavo ongopitirira pang'ono 30. Thumba la kafukufuku la Fundo Nacional de Investigação lilipo kuyambira 2005, paki ya sayansi inamangidwa ku Maluana, kufupi ndi Maputo, koma fungo lake ku Milange silifika.

Kumeneko kafukufuku amachitikira pansi pa mtengo wa mango, ndipo funso lake ndi limodzi: kodi njinga ingasenze matumba angati a chimanga mpaka pa malire a Muloza? Zipangizo ndi sipanala, pampu ndi makina owotcherera. Kaliyala akapindika amamuwonjezera chitsulo, masipoko akathyoka amaikamo onenepa. Zotsatira sizidikira msonkhano wa kuhotela. Thumba lachitatu likakhazikika, msika wonse umadziwa tsiku lomwelo, akatswiri anzake n'kuunika ntchitoyo pompo, ena ndi mluzu, ena ndi phwete. Likagwa, lipoti limalembeka pa bondo la mwini njinga. Alawansi palibe, ndipo ndalama yolowa imabwerera dzuwa lisanalowe. Kafukufuku wotere ngakhale nduna ingamuvomere.

Vuto ndi loti mbewu saiwotcherera. Kutsidya kwa malire, ku Mimosa m'boma la Mulanje, kuli Tea Research Foundation of Central Africa, yomwe eni minda ya tiyi amaisonkhera ndalama. Mtundu umodzi watsopano wa tiyi umadya zaka zoposa 10 usanafike kumunda, koma iwo amasonkhabe, poti anaona kuti fodya ameneyu mphepo siimutenga.

Tiyi wa ku Milange, m'munsi mwa phiri la Tumbine, anafa ndi nkhondo yomwe inatha mu 1992. Lero mlimi amadalira chimanga ndi nandolo wogulitsidwa ku India. Nandolo wocha msanga ndi wopirira matenda amafuna minda yoyeserera ya bungwe la kafukufuku wa zaulimi la IIAM, nyengo zingapo za mvula, ndi katswiri wolandira malipiro mwezi ndi mwezi ngakhale asanatulukire kanthu. Ndalamazo zikasowa, njinga yolimba ija imasenzabe, koma matumba ake amachepa.